Mizere Yobisa ya a Chivindikiro

Pali anthu amene anapatsidwa luso, ndipo pali ena amene anapatsidwa nsanje. A Chivindikiro anafika pamzere tsiku limene wogawa anali pa changu, ndiye anangowathirira zonse ziwiri m'thumba limodzi n'kuwauza kuti akasankhule okha kunyumba. Mpaka lero, imvi zili mbuu, sanasankhulebe.

Dzinalo sanabadwe nalo ayi, linawapeza pa benchi. Ntchito anayambira pa mawailesi, pakhonde la telala wina. Munthu akabweretsa wailesi yakufa, iwo ankayamba atembenuza msana, kenako n'kuvindikira manja ndi kansalu kakuda ngati akusenda chakuba. Mwini wailesi akati asuzumire, ankamva kuti, "Kodi mwabweretsa wailesi kapena mwabweretsa maso?" Wailesiyo inkabwerera kwawo ikuyimba ndithu, pamenepo tisawanamizire. Koma chimene chinavuta m'katimo, mwini wake ankakalamba osachidziwa.

Mawailesi atayamba kuchepa, anasamukira ku mawotchi. Mawotchi atamezedwa ndi mafoni, iwo anawatsatira m'mimba momwemo. Anapeza kachipinda m'nyumba ina yaitali ya pamsika, ya kanjira kopapatiza pakati, mbali zonse ziwiri kuli okonza mafoni ndi ogulitsa machaja. M'kachipindamo munkakwana benchi, nyale yopinda khosi, timabotolo ta tizitsulo, ndi fungo la mtovu wosungunuka. Mpando unalimo umodzi. Wachiwiri anaukana dala. Ankati mpando wachiwiri umabala wophunzira, ndipo wophunzira amabala mdani.

Musaganize kuti nsanje yawo inali ya chikondi. Akazi awo, mayi osoka makatani, a pakamwa pakuthwa ngati sizasi yawo yomwe, akanatha kuseka ndi msewu wonse, bambowo osacheuka n'komwe. Koma mayiwo angoyerekeza kunena kuti, "Uja wokonza mafiriji uja ali ndi manja abwino," basi, tsiku limenelo madzi akumwa omwe ankawawa. Nsanje ya a Chivindikiro inali ya manja. Sankafuna kuti padziko pano pakhale chinthu chimene manja a wina angachite ngati awo.

Tsono tsoka likafuna munthu silikwera basi, limachokera m'banja momwemo. Mlongo wa mayiwo, bambo wa dazi lake ndi ana ake, ntchito yokonza makina a fotokope itamuthera, anabwera kudzachita lendi kachipinda koyang'anizana ndi ka alamu ake, khomo kupenya khomo. Ameneyu anthu sanachedwe kumutcha Taonani, chifukwa akatsegula foni ankaitembenuzira kwa mwini wake: "Taonani, apa ndi pamene papsa. Taonani, kawaya aka kathothoka." Ankaonetsa makasitomala, ankaonetsa ogulitsa machaja, ankaonetsa ngakhale munthu wongobisala mvula.

"Alamu," anatero a Chivindikiro tsiku lina, nkhope italoza kukhoma, "mukawaonetsa zonse, mawa mudzadya chiyani? Maso awowo?"

"Aa, alamu, kuona si kudziwa," anayankha Taonani. "Inuyo mano anu mwawaona kangati pagalasi? Munadzizulapo limodzi?"

Ogulitsa machaja anafa nalo phwete. A Chivindikiro anasunga kusekako mumtima, pamalo ouma bwino, kuti kusawole.

Masiku amenewo anthu onyamula okwera pa njinga zamoto ankakonda foni ina yonenepa imene ankaitcha Bulu, chifukwa ankagwa pamsewu, kunyowa ndi mvula, kupondedwa, koma n'kudzuka ngati palibe chachitika. Kampani imene inapanga Bulu inali itatopa naye kalekale, inasiya kumutumizira zatsopano. Ndiye m'mawa wina pulogalamu imene a njingawo amapezera okwera inangokana kutseguka. Inati foniyi yakalamba, gulani ina. Kanjira kaja kanadzaza ndi mahelemeti, aliyense Bulu wake m'manja ngati mwana wodwala.

Amene anabweretsa nkhani ya mankhwala anali Taonani, poti pakamwa pake palibe chitseko. Anaima pakati pa kanjira n'kuyamba kulalikira. Nkhani yake, tikaiphwanya kuti ikwane m'mutu, inali iyi. M'foni muli pulogalamu yaikulu imene imalamulira tina tonse, ngati kapitawo pa ntchito. Ndipo ya mafoni ngati Bulu, maziko ake sanatsekeredwe m'kabati ya kampani. Khodi yake, ndiye kuti mizere ya malangizo imene makina amamvera, ili poyera pa intaneti. Aliyense akhoza kuitenga, kuiwerenga, kuisintha, n'kumanga nayo pulogalamu yake. Kampani imangotenga mazikowo n'kupakapo utoto wake. Ikataya foni, pali anthu ongodzipereka m'mayiko osiyanasiyana amene amatenga maziko atsopano n'kuwasoka kuti akwane foni yakaleyo. Ndipo odzipereka osokera Bulu nawo analipo.

"Ulere?" anafunsa a Chivindikiro ali pakhomo pawo. "Munthu kulemba zonsezo n'kuziyanika panja ngati zovala? Anapenga ndani?"

"Anthu ambirimbiri, alamu."

"Ooh. Ine ndimayesa kuti matendawa ali m'banja mwanu mokha."

Anatero pakamwa, koma sabata yomweyo anagula laputopu yakale, yosowa mabatani awiri. Kufunsa mlamu wawo sakanatha, bola kumeza chitsulo chowotcherera. Ankangotchera khutu Taonani akamaphunzitsa anthu ena, zotsalazo n'kumakumba okha pa intaneti ndi Chingerezi chawo cha m'timabuku ta mawailesi. Anaphunzira kuti m'foni muli khomo lobisika la omanga mapulogalamu: ugogode pa kanambala kena mobwerezabwereza mpaka foni itope, ivomere kuti nawenso ndiwe mmisiri. Ukatero n'kulumikiza chingwe ku laputopu, foni imayamba kuulula zonse zimene ikuchita m'kati, mizere ikutsika pa sikirini ngati linthumbu. Khomo lobisikalo analikonda kwabasi. Chinawakhumudwitsa n'chakuti aliyense ankadziwa pamene labisika.

Posakhalitsa onse awiri ankafulasha Abulu, kuchotsa pulogalamu yakale n'kuika yatsopano ya ongodzipereka aja. Bulu ankadzukadi, pulogalamu ya okwera n'kutseguka. Koma panali chilema chimodzi. Ukalowetsa mahedifoni, iwe unkamva bwinobwino, koma wa mbali inayo sankamva kalikonse. Tsono wa njinga amayankha foni ali m'helemeti, manja pa chiwongolero. Msewu wonse unadzaza ndi azibambo okuwa okha: "Halo! Ndafika pageti! Ndati ndafika!" Wokwera uku akungomva zii, kenako n'kuitana njinga ina.

Apa ndi pamene luso la a Chivindikiro linadzuka. Ankakhala pa benchi, kulowetsa mahedifoni, kuzula, kulowetsa, kuzula, maso ali pa linthumbu lija, mpaka wogulitsa machaja wina anafunsa ngati madala ayamba kusokonekera. Kenako anaona kamzere kamene kankangotulukira mahedifoni akalowa. Anakatsatira ngati mlenje, fayilo ndi fayilo, mpaka anapeza kuti foni inkakamvetsera mawu pakhomo la maikolofoni imene Bulu alibe n'komwe. Anasintha mizere ingapo, yosakwana n'chikhatho chomwe. Anayatsa laputopu kuti imange pulogalamu yonse mwatsopano, ndipo inatentha tsiku lathunthu, ataikhazika pa zitini ziwiri, fani ikuipepesa. Atamaliza anaika mu Bulu, kulowetsa mahedifoni, n'kuimbira akazi awo.

"Mayi, mukundimva?"

"Ndakhala ndikukumvani zaka zonsezi, bambo. Mwafuna chiyani?"

Anadula foni. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kutseka chitseko.

Chachiwiri chinali kudinda pulogalamu yawoyo ndi chidindo chachinsinsi, chimene omanga amachitcha kiyi. Foni yodindidwa chotero imalandira zatsopano kuchokera kwa mwini kiyi yekha. Ndiye kuti Bulu aliyense wochira m'manja mwawo anali womangidwa pa chikhomo chawo.

Nyengo imene inatsatira, a Chivindikiro sadzaiiwala. Mzere wa mahelemeti unkayambira pakhomo pawo, kudutsa pakhomo pa Taonani n'kumutsekera kuwala, mpaka kukatulukira panja. A njinga anawatcha dokotala wa Bulu. Iwo ankati akamva dzinalo ankanamizira kugontha kuti munthu abwereze. Ananenepa, masaya anabwerera, anayamba kupereka moni ngakhale kwa wokonza mafiriji uja.

Taonani anabwera pakhomo, akusisita dazi. "Alamu, mwagwira ntchito, ulemu wanu. Tsono mizereyo itumizeni kwa eni khodi. Abulu alikonso kumayiko ena, nawonso sakumveka."

"Akuwe kwambiri."

"Mwambo wake suli choncho, alamu. Mwatenga nyumba yonse yaulere, denga, makoma, zitseko. Ndiye mukukaniza msomali umodzi?"

"Msomaliwo ndi wanga. Amene anasiya nyumba yake panja ndi iyeyo, sindinamutume ine."

Taonani anangoseka n'kubwerera. Koma kuseka kwa munthu wa dazi musamakukhulupirire. Anayamba kukumba yekha, poyera, akuuza aliyense wodutsa pamene wafika. Luso lake linali lochepa poyerekeza ndi la alamu ake, zimenezo n'zoona. Zimene anapeza zinali zokhotakhota, ngati chigamba chosokedwa ndi munthu wothamangira basi. Koma anazitumiza momwemo kwa woyang'anira mizere ya Bulu, munthu amene palibe anamuonapo. Kaya ndi bambo, kaya ndi mayi, kaya amakhala kozizira kapena kotentha, palibe ankadziwa. Pa chithunzi chake anangoikapo ketulo, ndiye onse ankangoti a Ketulo. A Ketulo anabweza chigambacho, akuti konzani apa. Wina wa kutali anawonjezera pake. Chinapita, chinabwerera, chinapitanso, mpaka chinalandiridwa. Mawu ankamveka ndi kaphokoso pansi pake, ngati mafuta pa chiwaya, koma ankamveka. Ndipo Bulu aliyense padziko, kupatula omangidwa pa chikhomo cha a Chivindikiro, analandira mankhwalawo yekha, mwini wake ali pamsewu.

"Taonani, alamu!" Taonani ankakuwa kuchokera tsidya la kanjira, foni m'mwamba. "Wa njinga wina wa kutsidya kwa nyanja akuti zikomo! Waika ndi chithunzi cha mwana wake!"

A Chivindikiro anatembenuza msana. Iwo ndi amene anayamba kumveketsa Bulu. Iwo! Mizere yawo inali yoyera, yopanda mafuta pa chiwaya. Koma zithunzi za ana a eni zinkapita kwa munthu wa fotokope.

Ndipo chilango chenicheni chinali chisanafike. Mwezi uliwonse anthu a khodi aja amatulutsa zigamba zotseka mabowo amene akuba angalowerepo, ndipo womanga payekha ayenera kukoka zatsopanozo n'kuziphatikiza ndi zake. A Chivindikiro atakoka, laputopu inaima. Inati anthu awiri asintha malo amodzi, sankhani mizere yotsala. Tsono pa zida za omanga pali china chamiseche, chimene chimaonetsa dzina la wolemba pambali pa mzere uliwonse. Anachitsegula. Pamalo pawo penipeni, pamene anathera maso awo, panali Taonani, Taonani, Taonani, kutsika m'munsi ngati wadinda ndi phazi.

Anafufuta mizereyo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kuti amve kukoma. Anabwezeretsa yawo. Tsiku limenelo anadya bwino.

Koma mwezi wotsatira anapeza kuti anthu ena amanga pamwamba pa mizere ya mlamu wawo. Wina anakonzerapo mahedifoni opanda chingwe, wina sipika. Kuzula Taonani tsopano kunali ngati kuzula mzati wa nyumba ya eni, zina zonse zinkagwa nawo. Ankati akakonza uku, uko kwagumuka. Laputopu inkatentha tsiku lonse n'kulephera kumapeto. Zatsopano zawo zinayamba kuchedwa, ndipo pulogalamu ya okwera inayambanso kudandaula pa Abulu awo okha.

M'mawa wina anaona kasitomala wawo wakalekale, mkulu wa a njinga, bambo wa ndevu zofiira ndi fumbi, atalowa m'kanjira. A Chivindikiro anakonza kale pakhosi kuti amulandire. Bamboyo anakhotera kumanzere.

"Achimwene," anatero kwa Taonani, mawu ake ngati ali pamsewu, "ndichotsereni ya madalayi, mundiikire yanu ija. Ija inachiritsa Bulu."

A Chivindikiro anatulukira pakhomo, chitsulo chowotcherera chikufuka m'manja. "Anachiritsa Bulu ndani?"

"Aa, madala, mwadzuka bwanji? Si zalembedwa pa intaneti? Akuti Taonani."

"Iwe, unkakuwa wekha pamsewu ngati wamisala, anakumveketsa ndani? Yakeyo imalira ngati akukazinga!"

"Imaliradi pang'ono, madala, sindikana. Koma imabwera yokha. Yanu timachita kuimira pamzere, ndiye mwezi uno sinabwerenso."

Makasitomala kuchepa, a Chivindikiro akanapirira. Munthu amene anaona mawailesi akufa ndi mawotchi akumezedwa saopa benchi yopanda anthu. Chimene sakanapirira n'chakuti dziko lonse lidziwe kuti Bulu anachira ndi manja a mlamu wawo. Tsiku lomwelo analembera a Ketulo, pabwalo la pa intaneti pamene omanga onse amakambirana: "Mizere iyi ndi yoipa. Ili ndi phokoso. Chotsani. Ine ndili ndi yabwino."

A Ketulo anayankha mwaulemu: "Zikomo. Tionetseni."

"Sindingaonetse. Ndi yanga."

"Ndiye kwa ife kulibe. Chimene sitinachione sitingachiike."

Anawerenga yankholo mpaka analiloweza. Kulibe! Mizere imene inawadyera maso, akuti kulibe. Anthu awa anali atamanga dziko lozondoka, lakuti chimene wabisa si chako, chako ndi chokhacho chimene wapereka. Anayamba kuonda. Lamba anamuboola bowo latsopano.

Lamlungu lina masana anali pampando kunyumba, akuyang'ana khoma. Akazi awo anali atayala nsalu ya makatani pansi pabalaza, akuidula atagwada, mapini ali pakamwa.

"Bambo, kolala ikuchita kukulendewerani. Mukudwala?"

"Mlongo wanu wandibera."

Mayiwo analavulira mapini m'dzanja. "Wakuberani chiyani poti simunamuonetse kanthu? Ngakhale ine mkazi wanu, laputopu mumaitseka ndikamadutsa ndi tiyi."

"Wandibera malo."

"Malowo munakhalapo? Munawasiya opanda munthu, iye n'kukhalapo. Tsono tizilembo tanuto mufuna mudzaikidwe nato m'bokosi? Nenani, nsalu yatsala, ndikusokereni kathumba."

"Mukuseka, mayi. Ndikawaonetsa, aliyense atenga. Ngakhale wa mafiriji uja."

"Mukapanda kuwaonetsa, dzina la mlongo wanga likhala pomwepo mpaka Bulu womaliza afe. Zonse ziwiri zikuwawa. Sankhani yowawa pang'ono, mundisiye ndidule nsalu ya eni."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuchonderera kwa Taonani kunalephera, kudandaula kwa a njinga kunalephera, koma mawu akuti "mpaka Bulu womaliza afe" anawalowa ngati singano. Lolemba m'mawa anakonza mizere yawo kuti igwirizane ndi khodi yatsopano, n'kulemba pamwamba pake kuti ichotse ya Taonani yonse. Chala chinazungulira pa batani lotumizira ngati ntchentche pa tiyi wotentha. Kenako anatsinzina n'kudina. Anakhala kanthawi atagwira pachifuwa, ngati munthu amene wavula pamsika.

A Ketulo anayankha tsiku lotsatira: "Iyi ndi yoyera kuposa imene tili nayo. Mwaganiza bwino." A Chivindikiro anawerenga mawuwo mokweza, atatsegula chitseko, kuti tsidya limve. Koma pansi pake panali mchira. "Lamulo lathu ndi lakuti wina amene ali ndi Bulu ayese kaye, avomereze. Wanga anafa. Amene timamudalira pa foni imeneyi ndi Taonani. Kodi mungamupeze?"

Kodi angamupeze! Ankamuona akutokosa m'mano pomwepo.

Apa mkuluyu anachita chinthu chimene chimatchulidwabe m'kanjira muja. Anatsegula dzina lina pabwalo lija, lakuti Mayi Makatani, n'kulemba kuti: "Ine ndayesa. Ndi yabwino kwambiri. Wolembayu ndi katswiri. Chotsani ya Taonani msanga." Anapukuta manja, n'kudzitamanda kuti nzeru zilipo.

Yankho la a Ketulo silinachedwe: "Mayi Makatani alowa pabwalo lero lomwe, lipoti lawo lachokera mu Bulu wanu yemwe uja, ndipo akulakwitsa mawu omwe mumalakwitsa inu. Muwapatse moni. Tikudikira Taonani."

Anali ataiwala kuti pabwalo la anthu oyanika zinthu panja, manyazi nawo amayanikidwa pomwepo. Dzuwa lisanafike pamutu, Taonani anali ataonetsa ogulitsa machaja onse. Masana akazi awo anaimba foni.

"Bambo, ndamva kuti ndine katswiri woyesa mafoni. Bwanji osandiuza kale? Ndikanasiya makataniwa."

Panalibenso kothawira. Kanjira kaja mphaka akhoza kukadumpha osathamanga, koma a Chivindikiro anakawoloka ngati mtsinje wa ng'ona. Anaima pakhomo pa mlamu wawo, maso ali pa denga.

"Alamu."

"Alamu! Mwasochera?"

"A Ketulo akuti muyese."

"Ndiyese chiyani poti achemwali anga ayesa kale? Ine ndingatsutse akuluakulu?"

"Alamu, ndili ndi chitsulo chotentha kwanga kuja. Musandikumbutse."

Taonani anaseka mpaka dazi linatuluka thukuta, koma anayesa. Anaika mizereyo mu Bulu wake, kulowetsa mahedifoni, n'kuimba. Mawu anatuluka oyera ngati madzi a pampopi. Anagwedeza mutu. "Apa mwandiposa, alamu. Yanga ichoke basi." A Chivindikiro anayembekezera kuti mnzawoyo awawidwe mtima, nkhope igwe, mwina alephere kudya. Koma munthuyo ankaoneka wosangalala ngati wapatsidwa mphatso. Zimenezi zinawanyansa koposa. Kupambana munthu wosamva kuwawa kuli ngati kumenya pilo.

"Ndiye lembani kuti mwavomereza."

"Dikirani, wina ayende nayo kaye pamsewu."

Taonani anabwereketsa Buluyo kwa bambo wa ndevu zafumbi uja. Pofika masana a tsiku lotsatira bamboyo anabwerera, foni itazima, batire latheratu. Taonani analumikiza chingwe, n'kuyang'ana mizere yotsika ija, kenako anaitana. "Taonani, alamu. Munthu akamaliza kulankhula, khomo la maikolofoni limatsala lotsegula. Foni imangomvetsera mphepo tsiku lonse, batire n'kumatha."

"Bodza."

"Si uyu mzerewu? Inu, a Chivindikiro eni ake, kuiwala kutseka?"

Anawerama, magalasi pamphuno. Zinali zoona. Anakumbukira a njinga amene ankadandaula za mabatire miyezi yonse ija, ndi momwe iwo ankanenera kuti vuto ndi machaja achinyengo a m'kanjiramo. Anacheuka. Ogulitsa machaja atatu anali pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Ndinasiya dala," anatero, "kuti ndione ngati woyesayu ali maso."

Taonani anawonjezera mzere umodzi wotseka khomolo, ndipo sabata isanathe a Ketulo analandira zonse. Mizere yakale ya Taonani inachoka. Pamwamba pa yatsopano panalembedwa kuti wolemba ndi Chivindikiro, wokonza ndi woyesa ndi Taonani. A Chivindikiro anatenga kasikuludiraiva n'kuyeza zilembo pa sikirini, kuti aone ngati dzina la mlamu wawo silinatalike kuposa lawo. Anapeza kuti lawo ndi lalitali, ndiponso lili pamwamba. Anapuma mpweya umene anausunga miyezi.

Koma a njinga sawerenga khodi. Mankhwala oyera aja anafika okha mu Bulu aliyense, phokoso linatha, mabatire anayamba kufika madzulo, ndipo panalibenso chifukwa choimira pamzere pakhomo la munthu. Abulu otsala pa chikhomo chawo, a Chivindikiro anawamasula okha, mmodzimmodzi, akung'ung'udza. Tsiku lina wa njinga wachilendo analowa m'kanjira, Bulu wogula kwa mnzake ali m'manja.

"Madala, akuti kuno kuli anthu oika pulogalamu ija, ya alamu aja."

"Alamu ake ati?" anafunsa a Chivindikiro, khosi litatalika. "Wamkulu kapena wa dazi?"

"Kaya. Angoti aliyense amene ndimupeze."

Anamufulashira foniyo mano atalumana.

Mwezi womwewo a Ketulo analemba kuti poti Bulu wawo anafa, akufuna kusiya mizere ya foniyo m'manja mwa wina, ndipo akuganiza za Taonani, kapena onse awiri ngati wamkuluyo ali ndi mpata. Kunyumba kwa a Chivindikiro, akazi awo anali atayamba kale kuwanyengerera kuti apume, maso afooka, msana ukudandaula. A Chivindikiro anayankha a Ketulo tiyi asanazizire. Mpata unalipo. Kusiyira munthu wa fotokope Abulu a dziko lonse, iwo ali moyo?

Lamulo lake ndi lomwe lija: mzere wa mmodzi sulowa mnzake asanavomereze. Ndiye masiku ano mukadutsa m'kanjiramo mudzawapeza atawerama pa laputopu, mphuno ikukhudza sikirini, akuwerenga zimene mlamu wawo watumiza. Amawerenga ngati munthu wofufuza nsabwe m'malaya a mdani, msoko ndi msoko, ndipo akapeza imodzi, kanjira konse kamadziwa. Akuti pa mafoni onse akale a pabwalo lija, palibe ina yosesedwa ngati Bulu. A Ketulo amati ndi chifukwa cha mgwirizano wa pabanja.

"Alamu," amakuwa Taonani kuchokera tsidya, "mwavomereza? Anthu akudikira."

"Ndikuwerengabe."

"Kuyambira dzana? Ndi mizere iwiri yokha, alamu!"

"Ndiye umodzi mwa iwiriyo ndi wolakwika. Khalani pansi, ndiupeza."